Chifukwa chiyani asodzi amamvera lamulo la ku Mbenji pamene la boma amalizembera?

Chaka chilichonse mvula ikayamba, cha mu Disembala, asodzi a pachilumba cha Mbenji, pa nyanja ya Malawi, amapinda maukonde, kukweza katundu m'maboti n'kubwerera kumtunda. Chilumbachi chili m'dera la Senior Chief Makanjira kuno ku Salima (osati a Makanjira a kutsidya ku Mangochi), ndipo chimakhala chotseka dzinja lonse mpaka cha mu Epulo, pamene mfumu imadzachitsegula pamwambo wa pagombe la Chikombe. Ngakhale nyengo ya usodzi ikafika, pachilumbapo pali malamulo ake: mowa ayi, chamba ayi, juga ayi, ndipo amayi saloledwa kupondapo. Zimenezi zidayamba m'zaka za m'ma 1950, dziko lino lisadalandire ufulu, ndipo zikutsatidwabe.

Pa nyanja yomweyi palinso lamulo la boma. Limatseka usodzi wa makoka kuyambira mu Novembala kuti chambo chiswane, limaletsa maukonde a maso ang'onoang'ono, limaletsanso kuvuulira masikito. Koma amene adayendapo m'madoko a ku Senga Bay, ku Chipoka kapena ku Nkhotakota adaona yekha bonya ali mbwee pathandala, kasawala akugulitsidwa poyera ngati palibe choletsa. Asodzi ake ndi omwewo. Munthu amene amachoka ku Mbenji mosanyinyirika mu Disembala, mwina ndi yemweyo amene akukoka khoka usiku pagombe lina m'mwezi woletsedwa.

Akatswiri a za ndale ndi ulamuliro akhala akulimbana ndi funso lotere kwa zaka zoposa 50, chifukwa silikhudza nsomba zokha. Likhudza misonkho, nkhalango, madzi a mthirira, makuponi a feteleza, chilichonse chimene anthu ambiri amagawana ndipo wina ayenera kuikapo malire.

Mkangano wake udakula mu 1968, pamene Garrett Hardin wa ku America adalemba kuti chuma chopanda mwini mmodzi chimatha basi. Iye adapereka chitsanzo cha dambo lodyetserako ziweto: aliyense amawonjezera ng'ombe zake chifukwa phindu ndi lake yekha, pamene kuwonongeka kwa msipu kumagwera onse. Kunyanja kuno maganizo amenewa savuta kumva. Taganizirani mwini chilimira m'mawa atakocheza boti. Petulo wa injini adatenga pangongole. Alovi, antchito ake okoka ukonde, akudikira gawo lawo, ena ana awo abwezedwa kusukulu. Mayi wogula nsomba, amene adamupatsiratu ndalama sabata yatha, waima pomwepo ndi beseni. Mukamuuza kuti aleke kugwira nsomba zazing'ono kuti zikule, akufunsani kuti zikakula azigwira ndani. Akazisiya iye lero, mnzake wa doko lina azikokolola usiku womwewo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Munthuyu si mbuli, ndipo safunika msonkhano womuphunzitsa kuti nsomba zimaswana. Amadziwa bwino kuposa wobwera ndi galimoto kudzamuphunzitsayo. Chimene alibe ndi chitsimikizo chakuti iye akadziletsa, anzakenso adziletsa.

Hardin ndi omutsatira adaona njira ziwiri zokha: boma ligwire chumacho ndi dzanja lolimba, kapena chigawidwe kwa eni ake payekhapayekha. Maboma ambiri a mu Africa, ndi mabungwe owathandiza, adatenga njira yoyambayo. Inali yowakomeranso, poti atsamunda anali atawasiyira kale dongosolo lotero.

Amene adasokoneza chiphunzitsochi ndi Elinor Ostrom wa ku yunivesite ya Indiana, katswiri wa za ndale amene mu 2009 adakhala mayi woyamba kulandira mphoto ya Nobel pa zachuma. Iye sadakane kuti chuma cha onse chimatha nthawi zina. Adangopita kukayang'ana malo amene sichidathe: msipu wa m'mudzi wa Törbel ku Switzerland, ngalande za mthirira za ku Valencia ku Spain ndi za ku Philippines, asodzi a ku Alanya ku Turkey amene ankachita mayere pogawana malo oponyapo maukonde n'kumasinthana tsiku ndi tsiku. Ku Nepal, iye ndi anzake adapeza kuti mthirira woyendetsedwa ndi alimi eni ake nthawi zambiri unkafikitsa madzi kwa anthu bwino kuposa wa simenti womangidwa ndi boma. Kuchokera pa zitsanzo zotere, mu 1990 adatulutsa mfundo 8 zimene zimapezeka kawirikawiri pamene anthu akwanitsa kudzisungira chuma chawo.

Sindizitchula zonse, koma zingapo mukaziika pa Mbenji zimakwana ndendende. Malire azidziwika: chilumba ndi chilumba, boti likapezeka pafupi nacho mu Febuluwale palibe chonamizira. Lamulo lizigwirizana ndi moyo wa pamalopo: Mbenji amatseka nthawi imene anthu afunika kumunda, nthawi ya ziphaliwali ndi mvula yoopsa panyanja, kotero kumvera sikupweteka kwambiri monga kukadapwetekera m'miyezi ya utaka wambiri. Olondera azikhala anthu a pomwepo amene akhoza kufunsidwa akalekerera: ku Mbenji kuli komiti ya mfumu imene imayang'anira maukonde ndi khalidwe la anthu. Chilango chizibwera msanga ndipo chizikula malinga ndi mlandu, kuyambira chindapusa mpaka kuthamangitsidwa pachilumba. Kwa msodzi wa utaka, kuchotsedwa pa Mbenji nyengo ili pakati ndi chilango chowawa kuposa faindi ya kukhoti, yomwe mwina sidzabwera n'komwe.

Mfundo ya olondera ndiyo imene ambiri amaipeputsa, chonsecho ndi pamene pagona nkhani. Wogwira ntchito ku nthambi ya za usodzi amakhala ndi magombe ambirimbiri oti ayendere, mafuta a boti sapezeka mwezi uliwonse, ndipo akafika pa doko uthenga umakhala utafika kale pafoni. Wa komiti ya m'mudzi alibe vuto la mafuta, koma ali ndi lina lolemera. Ukonde woletsedwa umene waupezawo ndi wa mlamu wake. Akautola, mwini wake sakalipa ayi, amangoti, "Alamu, ndi inu mukundichita zimenezi? Ana a mlongo wanu adya chiyani?" Madzulo akumana pamaliro, mawa kumzikiti kapena kutchalitchi. Munthu wotere amalimba mtima pokhapokha ngati akudziwa kuti kumbuyo kwake kuli wina wamkulu amene sadzabweza ukondewo mwamseri, ndiponso kuti dzulo adalanda wa mwana wa nduna ndipo nkhani idathera pabwalo. Akangoona kamodzi kuti wolemera wawomboledwa, basi, naye amayang'ana kumbali.

Kafukufuku wamkulu amene adatuluka mu 2011, wa Nicolás Gutiérrez, Ray Hilborn ndi Omar Defeo, adaunika malo 130 a usodzi m'mayiko 44 kumene boma ndi asodzi amayendetsera zinthu limodzi. Chimene chidaposa zonse pa malo amene zinthu zinkayenda bwino chinali kukhalapo kwa mtsogoleri wa pamalopo amene anthu amamulemekeza.

M'zaka zaposachedwapa Mbenji wafufuzidwanso ndi gulu la akatswiri a mbiri ndi a sayansi ochokera ku yunivesite ya Mzuzu ndi ya Strathclyde ku Scotland. Iwo adaika pambali ndi pambali madongosolo awiri amene adabadwa m'nyengo imodzi. Boma la atsamunda lidatumiza akatswiri kudzayeza nsomba za m'nyanjayi mu 1939, ndipo pakati pa 1945 ndi 1947 Rosemary Lowe adafufuza za chambo. Maso a bomalo anali pa nsomba ya malonda ndi pa makampani a azungu kummwera kwa nyanja. Malamulo ankalembedwa ku Zomba potengera malipoti, ndipo asodzi achikuda ankaonedwa ngati anthu oti auzidwe zochita. Pa Mbenji zidayenda mosiyana. Asodzi ochokera ku Likoma atapempha malo, mfumu idawalola koma ndi malamulo, ndipo malamulowo akhala akuwonjezeredwa pamene zida za usodzi zikusintha, mokambirana ndi asodzi akuluakulu. Ofufuzawa atayeza utaka wa ku Mbenji adapeza kuti ndi waukulu ndi wolemera kuposa wa m'madzi oyandikana nawo amene ali pansi pa malamulo a boma okha.

Wina akamva zimenezi athamangira kunena kuti nyanja yonse tingoipereka kwa mafumu. Apa mpamene ine ndimasiyana ndi anthu amene amatamanda Mbenji pamisonkhano, chifukwa kafukufuku yemweyo wa za ulamuliro ali ndi mbali ina yosakoma.

Ufumu umene tili nawo lero sudangotsika kuchokera kwa makolo osakhudzidwa. Mu 1912 atsamunda adakhazikitsa lamulo loika mafumu ena pamwamba pa anzawo kuti azithandiza bwanamkubwa, ndipo mu 1933 adawapatsa mphamvu zoweruza ndi zokhometsa msonkho. Lamulo la mafumu la 1967, lomwe likugwirabe ntchito, limapatsa mtsogoleri wa dziko mphamvu yovomereza, kukweza ndi kuchotsa mfumu. Mafumu amalandira mswahala kuchokera ku boma. Mahmood Mamdani wa ku Uganda adatsutsa dongosolo lotere mu 1996, ponena kuti atsamunda adasandutsa mfumu kukhala wopanga lamulo, woweruza ndi wolanga nthawi imodzi, woyankha kwa omulemba ntchito osati kwa anthu ake, kotero munthu wa kumudzi adatsala wolamulidwa chabe pamene wa m'tauni akusanduka nzika. Amene adakula nthawi ya makhadi a chipani, kapena amene amaona mafumu akuikidwa pamzere pa wailesi ya kanema kuti ayamikire boma lililonse lolamula, sangati Mamdani ankalota.

Umboni wa manambala udachokera ku Sierra Leone. Kumeneko a Britain adasankha mabanja amene angatulutse mfumu yaikulu m'dera lililonse. Madera ena ali ndi mabanja ambiri opikisana, ena ochepa. Daron Acemoglu, Tristan Reed ndi James Robinson adasonyeza mu 2014 kuti kumene mabanja achifumu ali ochepa, kotero kuti mfumu siopa kulandidwa mpando, maphunziro ndi umoyo wa ana zili m'mbuyo. Chodabwitsa n'chakuti m'madera omwewo ndi mmene anthu ankanena kuti amalemekeza kwambiri mfumu. Zimenezi ziyenera kutichenjeza tikamawerenga zotsatira za kafukufuku wa maganizo a anthu wa Afrobarometer, zimene mobwerezabwereza zimasonyeza kuti Amalawi amakhulupirira mafumu kuposa aphungu ndi makhansala. N'zoona, ndipo zifukwa zake n'zomveka: phungu amaoneka pa kampeni, makhansala sadakhalepo n'komwe kuyambira 2005 mpaka 2014, pamene nyakwawa imapezeka pa maliro aliwonse ndi pa mkangano uliwonse wa malire a munda. Koma munthu amene munda wake, manda a abale ake ndi dzina lake pa mndandanda wa chithandizo zili m'manja mwa mfumu, akamati amailemekeza, mawuwo ali ndi zambiri mkati.

Nyanja zathu zomwe zidaonetsa mbali zonse ziwiri. Chambo chitatha pa nyanja ya Malombe, boma mothandizidwa ndi mabungwe akunja lidayambitsa mu 1993 makomiti a m'magombe, amene ambiri timangowatchula kuti ma BVC, ndipo lamulo la za usodzi la 1997 lidatsegula khomo lakuti anthu a m'midzi azitenga nawo mbali. Pa pepala zinali zofanana ndi zimene Ostrom ankanena. Koma ofufuza monga Mafaniso Hara adapeza kuti makomiti ambiri ankaoneka ngati a boma osati a asodzi. Ena adalowamo chifukwa cha ndalama za pamaphunziro, eni maukonde ndi alovi enieni sadali ambiri m'menemo, ndipo m'malo ena nyakwawa zidalanda makomitiwo kapena kulimbana nawo poona kuti akuzilanda nsomba za ulemu zimene zinkalandira kwa asodzi obwera. Thandizo la akunja litachepa, makomiti ambiri adafooka.

Ku nyanja ya Chiuta zidatembenuka. Kumeneko cha m'ma 1995 asodzi eni ake ndi amene adadzuka kukana asodzi obwera ndi maukonde a nkacha, amene ankawononga nsomba ndi kudetsa madzi. Ena mwa mafumu anali mbali ya obwerawo, poti ankalandirako kanthu. Makomiti adalimba chifukwa adachokera mu mkwiyo wa asodzi, ndipo pena adachita kulimbana ndi mafumu awo omwe. Aaron Russell ndi Tracy Dobson atayerekeza nkhani zotere za m'Malawi mu 2011, adafika pa mfundo yakuti dongosolo limakhazikika pamene mfumu ndi asodzi onse alivomereza ndipo mbali iliyonse ili ndi pogwira inzake ikalakwa. Mfumu yokha imagulidwa. Komiti yokha, yopanda mfumu, imasowa msana.

Kate Baldwin wa ku yunivesite ya Yale, amene adafufuza kwambiri ku Zambia, adafotokoza chifukwa chake mafumu ena amatumikira anthu awo chonsecho savoteredwa. Mfumu kawirikawiri imakhala pampando mpaka imfa ndipo imakhala pamudzi pomwepo. Phungu amawerenga zaka 5. Mfumu imene chuma chake ndi ulemu wake zamangirizika ku dera lake imawerenga zaka makumi. Utaka ukatha pa Mbenji, ulemu wa ufumu wa Makanjira utha nawo, ndi nsomba zimene zimafika kwa mfumu, ndi malonda a pa Chikombe. Koma mfundo ya Baldwin ili ndi malire ake omveka: imagwira ntchito pamene mfumu ikudyadi za dera lake. Mfumu imene ikukhala m'tauni, kapena imene phindu lake lalikulu likuchokera kwa wandale kapena kwa wogula malo a m'mphepete mwa nyanja kuti amangepo malo ogona alendo, kuwerenga kwake kumasintha. Ife a ku Salima nkhani ya magombe otchingidwa ndi mipanda sitichita kuimva kwa ena.

Ngakhale pa makuponi, chithunzi chake n'chosakanikira. Pia Basurto, Pascaline Dupas ndi James Robinson adatsata mmene mafumu a m'midzi ina ya m'Malawi ankagawira feteleza wotsika mtengo ndi chakudya cha chithandizo. Adapeza kuti mafumu ankaphonya osaukitsitsa ambiri ndipo pa chakudya ankakonderako abale awo. Koma pa feteleza ankakonda kupatsa mabanja amene akadakolola zambiri ndi thumba limodzi, chinthu chimene kalaliki wa ku Lilongwe sangachidziwe poyang'ana fomu. Kudziwa anthu kumene kumathandiza mfumu kuona mlimi weniweni ndi komwenso kumaithandiza kuona mphwake.

Pali nkhani ina imene otamanda Mbenji amaidumpha mwachangu, ya amayi. Amene amauteteza mwambowu amati umachepetsa ndewu ndi chiwerewere pachilumba, ndipo amene akudziwa za mchitidwe wogulitsa thupi pofuna nsomba m'madoko ena sanganene kuti nkhawayo njopanda pake. Komabe amayi ndi amene amagwira gawo lalikulu la ntchito yoyanika, kuwamba ndi kugulitsa nsomba. Kuwaletsa kufika pamene nsomba ikutuluka m'madzi ndiye kuti iwo azigula kwa amuna amene afika nayo kumtunda, mtengo utakwera kale. Malamulo a dziko lino amaletsa tsankho potengera kuti uyu ndi mwamuna kapena mkazi. Mfundo ya Ostrom yakuti okhudzidwa ndi lamulo azikhala ndi mawu polipanga, pa amayi a pa Chikombe siikwanira. Dongosolo likhoza kusunga nsomba bwino lomwe uku likugawa phindu lake mokondera, ndipo sikelo yoyezera utaka siingaonetse zimenezo.

Chinanso n'chakuti Mbenji ndi wosavuta kumulondera poyerekeza ndi nyanja yonse. Utaka umakonda kusonkhana pa zirundu, miyala ya pansi pa madzi, kotero amene wasunga malowo amadzakolola yekha zimene wasunga. Usipa suli choncho. Umayendayenda nyanja yonse, lero uli ku Nkhotakota, mawa kwina, ndipo mudzi umene wadziletsa sungayembekeze kuti usipa womwewo udzabwerera kwa iwo. Malo otetezedwa oswanirana nsomba, monga amene anthu akhazikitsa ku Chia ndi m'magombe ena a Nkhotakota, amatsata nzeru ya Mbenji pa nsomba zokhala malo amodzi monga chambo. Pa nsomba zoyenda pafunika mgwirizano wa maboma onse a m'mphepete mwa nyanja, ndipo pena wa mayiko, poti madzi omwewa amafikanso ku Mozambique ndi ku Tanzania, dziko limene mpaka lero sitidamvane nalo za malire a kumpoto kwa nyanjayi.

N'chifukwa chake ofufuza ambiri masiku ano adaleka kufunsa kuti wabwino ndani pakati pa boma ndi mfumu. Akufunsa za ntchito imene aliyense angaigwire ndi mmene angalumikizirane, zimene Ostrom m'zaka zake zomaliza ankazitcha ulamuliro wa mitu ingapo. Komiti ya Makanjira ikhoza kulanda ukonde wa msodzi wa bwato, koma boti lalikulu lokoka ukonde pansi pa nyanja, lokhala ndi chiphaso cha boma, likalowa m'madzi osaya usiku, mfumu ilibe boti lolithamangitsira ngakhale bwalo loliimbira mlandu. Makhoti a mafumu a nthawi ya Kamuzu adatha pamene tinkalowa m'ndale za zipani zambiri, ndipo chindapusa cha pabwalo chimalimba pokhapokha wolakwayo akachivomera, kapena malamulo a deralo akavomerezedwa ndi khonsolo ya boma. Ntchito yolemba malamulo a m'madera otere, kuwadutsitsa ku khonsolo ndi kusainirana mapangano ndi nthambi ya za usodzi ndi yotopetsa, siikopa makamera ngati mwambo wotsegulira chilumba, ndipo m'magombe ambiri imayenda pokhapokha pakakhala bungwe lolipira mafuta ndi malo a msonkhano.